Juzi Imene Ndinaiphika

Kwathu ku Kanakantapa, pakakhala ubatizo kapena ukwati, anthu akangokhuta pamapezeka wina woyambitsa nkhani ya juzi imene ndinaiphika. Satopa nayo. Choncho ndi bwino ndiinene ndekha, chifukwa iwo amalekezera pakati, poseketsa pokha.

Ndinali mtengwa wa miyezi iwiri, ndikufuna kuonetsa kuti kwathu anandilera. Apongozi aakazi anali atapita ku dimba, ine ndinasonkhanitsa zovala zonse za pakhomo kuti ndichape. Pa mpando panali juzi ya apongozi aamuna, yamtundu wa phulusa, yolemera, imene anapatsidwa ku mishoni m'masiku amene ankapala matabwa kumeneko. Ankaivala popita ku Misa basi. M'khosi munali moda, ndiye ndinati iyi ikufuna madzi otentha. Ndinaiviika m'madzi ongophula kumene, ndi kuithira sopo, ndi kuifikisa ndi mtima wonse, ine! Poitulutsa ndinayesa ndatola ya mwana wa eni. Juzi ya munthu wamkulu wamapewa otambalala inali itasanduka kajuzi ka mwana wa giredi wani, kochindikala ngati bulangeti.

Apongozi aamuna sanakalipe. Banja la amuna anga linachokera kum'mawa, ndipo kumeneko bambo ndi mkazi wa mwana wake sayankhulana maso ndi maso, mawu amadzera mwa amayi. Ananyamula kajuziko ndi zala ziwiri, kukatembenuza uku ndi uku, kenako anauza akazi awo, ine ndikumvera kuseri kwa khitchini: "Muwauze apongozi, zovala zanga azizisiya." Kuyambira tsiku limenelo, zaka zoposa makumi awiri, sindinakhudzeko ngakhale kampango kawo. Ndinawaphikira, ndinawalimira, ndinawaberekera adzukulu anayi, koma tsiku lochapa zovala zawo zinkaikidwa padera. Ena ankaona ngati n'zoseketsa. Ine zinkandiwawa.

Kajuziko sikanatayidwe. Ana anga onse anayi anakavala, wina kusiyira mnzake. Wachitatu anakakola pa waya waminga, koma sikanamasuke ulusi, kanangoboola kabowo n'kuima pomwepo. Mphepo sinkalowa. Ine ndinkadana nako, ndipo womaliza atakula ndinakaponya pansi penipeni pa sutikesi.

Kenako apongozi aamuna anadwala shuga. Matendawa anawadya mapazi pang'onopang'ono mpaka sankamvanso munga, mwala kapena moto. Juni wina akuwotha pa mbaula anayandikiza phazi kwambiri, ndipo anapsa osadziwa. Amene anazindikira ndi apongozi aakazi, atamva fungo. Chilondacho chinakana kupola, mapeto ake ku Lusaka anawadula chala chaching'ono cha phazi lamanja. Atabwerako tinkawaperekeza ku kiliniki kukatsukitsa, ndipo tsiku lomaliza nesi wa kumeneko, mtsikana wosazungulira poyankhula, anawauza ine ndili pakhomo: "Batate, mvelani. Chilonda china pa phazi iyi, bazajuba mwendo, bazaudula. Osayenda mapazi chabe, osavala nsapato zofinya, na pa mbaula osafakapo mapazi." Iwo anagwedeza mutu ngati amva.

Anamva kuti? Nsapato za ku tchalitchi zinkawafinya. Patapata ankawakhula pakati pa zala. Masokosi anali opyapyala, ndipo msoko wake unkakhala pa chipsera penipeni. Ndiye ankangoyenda mapazi okha pabwalo, ndipo kukayamba kuzizira ankakoka kampando kawo pang'onopang'ono kulowera ku mbaula. Ankati khungu silimva moto, koma mafupa amamva mphepo. Apongozi aakazi ankakalipa mpaka mawu kutha. Tonse tinkadziwa kuti Juni akubweranso, ndipo mwendowo ukhoza kupita naye.

Mu Meyi ndinatulutsa mabulangeti kuti awombedwe ndi dzuwa, ndipo kajuzi kaja kanagwa pansi. Ndinalowetsa dzanja m'mkono mwake kuti ndikakung'unthe. Munali mofunda, mosalala, mopanda mfundo kapena msoko wokanda. Ndinaima choncho dzanja lili m'kati ngati chitsiru. Ine ndimaluka, ndimagulitsa tizipewa ndi timasokosi ta makanda tsiku la sikelo. Ndinadzifunsa kuti bwanji ndiluke nsapato zazikulu dala, kenako ndiziphike dala, zichepe ndi kulimba ngati kajuzi aka? Sindinauze munthu. Ndikanayamba bwanji, ine wophika juzi?

Ndinatenga wulu amene ndimalukira makanda, uja wa m'masitolo a pa boma, wonyezimira, wamitundu yowala. Ndinaluka masiku anayi kuseri kwa nkhokwe. Ndinaphula madzi, ndi kufikisa monga ndinachitira pa utengwa wanga. Eee! M'malo mochepa zinatalika. Zinatuluka zolobodoka, zopanda moyo, zazitali kufika m'chigongono. Amuna anga anazipeza pa chingwe. Anazitenga, kuziyang'ana, n'kufunsa kuti kodi ndayamba kuluka matumba a mbatata. Anaikamo mbatata ziwiri kuti aone ngati zikwana. Zinakwana.

Ndinapsa mtima kwambiri moti ndinadula chidutswa n'kuchiponya pa mbaula. Chinasungunuka, kutulutsa utsi wakuda, kununkha ngati chigubu chikupsa, n'kusiya kampira kolimba pa khala. Ndinakayang'ana kampirako nthawi yaitali. Kenako ndinalowa m'nyumba, ndinatenga sizasi, ndinadula kachidutswa m'mphepete mwa kajuzi kaja, n'kukaika pa khala lomwelo. Sikanasungunuke. Kananyeka pang'ono n'kuzima kokha, ndipo fungo lake linali lenileni la mutu wa mbuzi akamauwawula. Phulusa lake ndinalifikisa ndi zala, linangofumbutuka. Ndi pamene ndinadziwa kuti moyo wanga wonse ndakhala ndikuluka pulasitiki n'kumamutcha wulu. Juzi ya apongozi inali ya ubweya weniweni wa nkhosa, n'chifukwa chake inagwirana.

Ubweya wa nkhosa ndikaupeza kuti? M'masitolo munalibe. Ndinaganiza za salaula, msika wa zovala zovalidwapo kale zochokera kunja, poti majuzi a kumeneko amachokera kozizira. Ndinakwera minibasi kupita ku Chongwe, machesi nditamanga pa chitenje. Pamsika ndinapeza mayi wina wonenepa ali ndi mulu wa majuzi. Ndinagwada, n'kumatenga juzi, kuitembenuza, kusolola kaulusi m'kati mwa msoko, kuyatsa machesi, kununkhiza. Nditafika pa yachinayi mayiyo anaimirira.

"Imwe amai, nichani ichi? Mufuna kunishokela katundu? Olo ni mankhwala?"

Anthu anayamba kusonkhana. Ndinafotokoza kuti ndikufuna juzi yonunkha mbuzi ikapsa. Anaseka onse, mpaka wogulitsa tomato anabwera kudzaona. Koma mayiyo anandileka, anangoti ndizizimitsira machesi kutali. Ndinapeza ina yofiira, yokongola, yofewa, ndipo fungo lake linali lomwelo la mbuzi. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda mokhumbiza.

Kuimasula kunanditengera masiku awiri. Ndinakulunga ulusiwo pa miyendo ya mpando, n'kuunyowetsa kuti uwongoke. Koma matumba a mbatata aja anali atandiphunzitsa, sindinathamangire kuluka nsapato. Ndinaluka kachidutswa kolingana ndi chikhato changa, n'kukafikisa m'madzi otentha. Ndinafikisa mpaka zala kuchita makwinya. Kanatuluka monga kanalowera, mabowo ake onse ali pululu kundiyang'ana. Ndinalira, osati ndi chisoni ayi, ndi mkwiyo. Juni anali atayamba. Sabata yomweyo apongozi aakazi anawapeza amuna awo akusinza pa mbaula, phazi lili pafupi ndi makala moti sokosi inachita kufiira. Khungu linapulumuka, koma tonse tinadya mosakoma tsiku limenelo.

Ndinabwereranso kwa mayi wa salaula uja nditanyamula kachidutswa kanga ndi kansalu kolembedwa kamene ndinachotsa m'khosi mwa juziyo. Ndinkafuna kukangana naye, ngakhale kuti sanalakwe chilichonse. Iye anayang'ana kansaluko n'kuseka.

"Iyi ni ya nkhosa zoona, koma ni ya mashini. Banaifaka mankhwala kuti isachepe. Imwe mufuna zija zovuta." Anawerama n'kukoka thumba pansi pa tebulo. "Onani ka chithunzi aka pa kansalu, dishi na kwanja mukati, kuchapa na manja chabe. Izi bantu bamanibwezela, ati nachapa kamozi yachepa. Palibe ozifuna. Ndimwe oyamba, mayo."

Zinali zonyansa, ndisaname. Zina zodyedwa ndi njenjete, zina zokanda pakhosi, zamitundu ya dothi. Ndinayatsanso machesi, zonse zinanunkha mbuzi. Koma fungo linali litandinamiza kale, choncho ndinasolola tiulusi tiwiri, ndinalavulira m'manja, n'kutifikisa mwamphamvu mpaka zikhato kutentha. Potsegula manja tinali titagwirana kukhala kamodzi, ndikakoka osalekana. Mayiyo anati tsopano wakhulupirira kuti ndi mankhwala. Ndinatenga zitatu, yabulauni, yobiriwira ndi yoyera. Kunyumba ndinaluka tizidutswa titatu n'kutiviika pamodzi. Koyera kanachita ulesi, kanangochepa pang'ono. Kobiriwira kanayesetsa. Koma kabulauni, konyansa kuposa tonse, kanagwirana mpaka sindinaonenso pamene singano inadutsa. Ndinakaika pa tsaya. Kanali ngati kajuzi kaja ndendende.

Panatsala vuto limodzi, muyeso. Chinthu chochepa m'madzi umayenera kudziwa pochiimitsira, ndipo phazi lawo linali litasintha, lina lotupa, lina lopanda chala. Ine kugwada pamaso pa apongozi aamuna n'kuwagwira phazi? Zosatheka. Nsapato zawo zakale zinali kuchipinda kwawo kumene sindilowa. Ndiye ndinachita zanzeru zanga. M'mawa ndisanasese ndinawaza madzi ambiri pa kanjira kochokera kunyumba kwawo kupita kuchimbudzi. Anadutsa mapazi okha monga mwa nthawi zonse. Atalowa m'nyumba ndinathamanga ndi ulusi, n'kugwada pa dothi lonyowalo. Phazi lamanja linadinda bwinobwino, chidendene, ndi zala zinayi. Pamalo pa chachisanu panali posalala. Ndinayang'ana pamenepo mtima n'kundiwawa, kenako ndinayamba kuyeza.

"Mukutapa phazi la ndani?"

Anali apongozi aakazi, ataima kumbuyo kwanga ndi ndowa. Mawu awo sindinawamvepo choncho. Pa nzeru zanga zonse zija sindinaganizeko kuti kwathu munthu wogwada pa phazi la mnzake amakhala akutapa dothi lake kuti akamulodze. Ndipo ili linali phazi lodwala, la munthu amene mudzi wonse unkadziwa kuti anandiletsa kumuchapira. Anapitiriza kuti amva kale kwa azimayi a m'kwaya kuti ndakhala ndikuwotcha tinsalu pa boma n'kumanunkhiza utsi. Anati iwo anakana, anati mwana wanga sangatero. "Tsopano ndaona ndi maso anga. Nenani."

Ndinangoti, "Amayi, dikirani," n'kuthamangira m'nyumba. Ndinabwera ndi zonse m'chitenje n'kuzikhuthula pa mapazi awo, matumba a mbatata, ulusi wofiira, tizidutswa titatu, ndi kajuzi kaja. Ndinafotokoza mosokoneza, ndikulira, kuyambira pakati. Iwo anatola kabulauni, kukakoka, kukapinda, kukaika pa tsaya monga ndinachitira ine. Anatola kajuzi. Kenako ndinaona mapewa awo akugwedezeka, anaika ndowa pansi, n'kukhala pa dothi lonyowa lomwelo, kuseka mpaka misozi.

"Mwana wanga iwe! Ndiye ukufuna kuwaphikiranso?"

Ndinapuma ngati ndatula mtolo wa nkhuni zaziwisi. Masana omwewo anatenga chikatoni ndi khala, n'kuwauza amuna awo kuti anesi alamula kuti mapazi ajambulidwe. Anabwera nacho atabisa m'chitenje, mapazi onse awiri, ndipo pa chipsera anaikapo kamtanda.

Ndinaluka ndi ulusi wophatikiza pawiri, momasuka, pa singano zazikulu, ndipo ulendo uno ndinalukira poyera, pakhonde. Zinatuluka zazikulu kuposa matumba aja. Amuna anga atatsegula pakamwa, amayi awo anawauza kuti akaone ng'ombe. Tsiku loviika tinaika mabeseni awiri, la madzi otentha ndi la ozizira. Ndinkafikisa ndi sopo wa mtanda m'lotentha, kuponya m'lozizira, kubwezanso. Poyamba sizinasinthe, zinangotambasuka n'kumanunkha nkhosa yonyowa, ndipo mtima wanga unagwa. Ndinati basi, zandikananso. Apongozi aakazi anati fikisa, nthawi ija unafikisa mpaka liti? Ndinafikisa. Ndiye mwadzidzidzi ndinamva m'manja mwanga zikulimba, mabowo akutsekeka, chinthu chikubwerera chokha. Kuyambira pamenepo zinathamanga. Apongozi anagwira chikatoni, ine kutulutsa, kuyeza, kubweza, kutulutsanso.

"Basi! Chotsa, chotsa! Zingakhalenso za mwana wa giredi wani!"

Tinazitsuka, n'kuzidzaza ndi nsanza kuti zigwire maonekedwe a phazi, n'kuziyanika pamthunzi masiku atatu. Wokonza nsapato wa pa siteji ya minibasi anasokerera labala pansi, ndipo poti zinali zochindikala ulusi wake sunatulukire m'kati. Ndinalowetsa dzanja kufufuza paliponse, makamaka pa kamtanda paja. Panalibe chokanda.

Anakapereka ndi apongozi aakazi. Ine ndinaima kuseri kwa khitchini, malo omwewo amene ndinaima ndili mtengwa.

"Wapanga ndani?" anafunsa abambo.

"Apongozi anu."

Abambo anazitembenuza uku ndi uku.

"Aphika?"

"Aphika."

Abambo anaziika pawindo. Tsiku limenelo sanavale. Mawa lake sanavalenso, ndinawaona akuyenda mapazi okha kupita kukhola, nsapato zili pawindo. Sindinadye bwino. Ndinayamba kuganiza kuti munthu uyu alolera kutaya mwendo kusiyana ndi kuvala chochokera m'manja mwanga, ndipo ndinawakwiyira, ndisabise. Ndinati mumtima, ukalamba si nzeru.

Tsiku lachitatu kunacha kozizira kwambiri, kuja kumene masamba a ku dimba amachita kupsa. Ndinatuluka ndi tsache manja ali gwaa. Pa kanjira kaja, pafumbi, panali mapazi opita kuchimbudzi ndi obwerera. Analibe zala. Anali osalala, a labala. Ndinawatsatira ndi maso mpaka pakhonde, ndipo apongozi aamuna anali atakhala padzuwa, kampando kawo kali kutali ndi mbaula, miyendo atatambasula, zinthu zanga zabulauni zonyansa zili kumapazi. Sanandiyang'ane, nanenso sindinawayang'ane. Ndinasesa bwalo lonse, koma kanjirako ndinakasiya mpaka masana.

Juni anatha, Julaye anatha. Madzulo aliwonse apongozi aakazi ankawavula n'kuyang'ana mapazi, ndipo m'mawa pokumana pa mjigo ankangonditukulira nsidze, ine n'kudziwa kuti kuli bwino. Mphepo itayamba kutha tinawaperekeza ku kiliniki. Nesi uja anawavula yekha, kuyang'ana pansi pa phazi, pakati pa zala, pa chipsera, kudina apa ndi apo. Ine ndinali pakhomo, rozale ili m'manja, osawerenga n'komwe.

"Mapazi yali bwino, batate. Palibe olo ka chilonda." Kenako anatola nsapato imodzi, kulowetsamo dzanja. "Izi munagula kuti?"

"Si zogula," anatero apongozi aamuna. "Tili ndi wophika kunyumba."

Ndinakhala pa benchi. Ndinali ndisanadziwe kuti miyezi yonseyo ndinkayenda nditagwira mpweya. Pobwerera m'minibasi ndinagona tulo, mutu pa phewa la apongozi aakazi, ndipo akuti ndinachita nkonono.

Apa ndi pamene onena nkhani pa maukwati safikapo. Loweruka lotsatira ndikukonzeka kupita kukachapa, apongozi aakazi anabwera ndi mtolo womanga m'chitenje n'kuuika pakhomo panga. Ndinamasula. Munali malaya awiri, buluku la ku tchalitchi, ndi kampango. Ndinawazindikira onse, poti ndinali nditawaona pa chingwe zaka zonsezi osawakhudza.

"Akuti muwauze apongozi achape," anatero, akuyesetsa kuti asaseke. "Koma akuti madzi ozizira."

Ndinaseka, kenako ndinapezeka ndikulira, nkhope nditaibisa m'malaya a munthu wamkulu. Apongozi anandimenya pamsana n'kunena kuti ndisawathire mamina ndisanawachape. Ndinasenza mtolowo pamwamba pa zovala zathu n'kupita nawo ku mjigo, ndipo ndinayambira kampango.